Madzi ofunda, madzi ongokhala: mmene mungathanirane ndi Legionella m'mapaipi a nyumba zikuluzikulu

Vutoli limayamba mofanana pafupifupi kulikonse. M'nyumba yaikulu, kaya ndi hotela, chipatala, malo ogona ophunzira kapena nyumba yosanja yokhalamo mabanja ambiri, munthu mmodzi amadwala chibayo choopsa. Pakapita milungu ingapo, wina wogona kapena wogwira ntchito m'nyumba yomweyo amadwalanso. Eni ake amaitana anthu odzathira mankhwala m'mapaipi, zotsatira za ku labotale zimabwera zabwino, ndipo mitima imakhala pansi. Pakangopita miyezi yochepa, kachilombo koyambitsa chibayocho, kotchedwa Legionella, kamapezekanso.

Ndalemba izi chifukwa cha kubwereranso kumeneku. Mankhwala amapha tizilombo timene tili m'madzi pa tsikulo, koma sachotsa zimene zinachititsa kuti tiswane: madzi ofunda, madzi ongokhala osayenda, ndi litsiro lomatirira m'kati mwa mapaipi. Zinthu zitatuzi zimaoneka m'madzi kale kwambiri munthu asanadwale, ndipo wosamalira nyumba angathe kuziona ndi maso, kuzimva ndi dzanja ndi kuziyeza ndi themometa.

## Dziwani kaye mdani wake

Kachilomboka ndi bakiteriya wotchedwa Legionella. Dzinali linachokera ku zimene zinachitika mu July 1976 ku Philadelphia, m'dziko la United States, kumene mamembala a bungwe la asilikali opuma la American Legion anasonkhana pa hotela ya Bellevue-Stratford. Atabwerera kwawo ambiri anadwala chibayo, ndipo anthu oposa 25 anamwalira. Mu January 1977 asayansi a CDC, bungwe la boma la United States loona za matenda, anapeza kachilombo kamene kanayambitsa, ndipo matendawo akutchedwa Legionnaires mpaka lero. Pali mtundu wina wosaopsa, wofanana ndi chimfine, wotchedwa Pontiac fever potengera mzinda wa Pontiac ku Michigan, kumene unabuka mu 1968.

Legionella amapezeka mwachilengedwe m'mitsinje ndi m'nyanja, koma wochepa kwambiri moti savutitsa. Amachuluka akalowa m'mapaipi athu, chifukwa ife ndi amene timamufunditsira madzi. Ziwerengero zoti musunge m'mutu ndi izi, zonse pa sikelo ya Celsius:

- Pansi pa madigiri 20: amakhala moyo koma saswana.
- Pakati pa 20 ndi 45: amaswana, makamaka cha m'ma 35 mpaka 37, kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu.
- Kupitirira 50: amayamba kufa pang'onopang'ono.
- Pa 60: ambiri amafa m'mphindi zochepa.

Munthu amadwala akapumira m'mapapo timadontho ting'onoting'ono ta madzi, tonga nkhungu, tochokera pa shawa, pa mpope wothovoka, pa bafa la thovu (bafa la madzi ofunda limene makina amapoperamo mpweya), pa kasupe wokongoletsa malo kapena pa makina oziziritsa nyumba pogwiritsa ntchito madzi. Kumwa madziwo nthawi zambiri sikudwalitsa, pokhapokha munthu atatsamwa n'kulowetsa madzi m'mapapo. Wodwala sapatsira omusamalira monga zimakhalira ndi chifuwa chachikulu, choncho musamuthawe.

Zida zimene mukufunikira pofufuza zizindikiro zili m'munsizi n'zochepa: themometa yoyezera madzi, wotchi, tochi, chipangizo choyezera klorini, magolovesi, ndi buku lolembamo zimene mwapeza pamodzi ndi tsiku lake.

## Chizindikiro 1: Madzi otentha akubwera ofunda chabe

Ichi ndicho chizindikiro chofala kwambiri, ndipo ndicho chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri, chifukwa madzi ofunda amasangalatsa posamba. Palibe mlendo amene amadandaula kuti madzi ali bwinobwino.

Yezani motere. Tsegulani mpope wa madzi otentha, werengani mphindi imodzi, kenako ikani themometa m'madzi amene akutuluka. Afike madigiri 50 kapena kupitirira. Yambani ndi mpope wa pafupi kwambiri ndi giza, kenako pitani ku wakutali kwambiri. Yezaninso pamene paipi ikutulukira pa giza penipeni, pamene payenera kukhala 60.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Wina anatsitsa thermostat, kachipangizo ka pa giza kolamulira kutentha kwa madzi. Nthawi zambiri amatero ndi mtima wabwino, pofuna kusunga magetsi kapena kuteteza ana kuti asapse. Onani pamene yaikidwa. Ngati ili pa 45 kapena 50, ikwezeni ifike 60, dikirani maola angapo, muyezenso. Musangokhulupirira nambala yolembedwa pa chotembenuzira, chifukwa ma thermostat akale amanama. Khulupirirani themometa.

2. Giza imazimitsidwa kwa maola ambiri. Ikazimitsidwa usiku wonse kapena masiku a mapeto a sabata, madzi amazizira pang'onopang'ono n'kukhala nthawi yaitali pakati pa 20 ndi 45. Ngati simungachitire mwina, onetsetsani kuti madzi onse a m'kati afika 60 kwa ola lathunthu anthu asanayambe kusamba. Magiza oyendera dzuwa ali ndi vuto lomweli masiku a mitambo, ndipo amafunika elementi ya magetsi yothandizira.

3. Giza ndi yaing'ono poyerekeza ndi anthu ake. Mudzazindikira chifukwa m'mawa madzi amayamba bwino, kenako amafunda ndipo sabwereranso mwakale mpaka masana. Gawani nthawi zosamba, kapena wonjezerani giza ina.

4. Matope ndi zokanirira pansi pa giza. Madzi otentha amakwera pamwamba, ozizira amatsalira pansi. Pansipo ndi pamene pamadikha matope, dzimbiri ndi zoyera zolimba ngati choko, ndipo pamakhala pofunda bwino ngakhale pamwamba pafike 60. Giza iyenera kukhuthulidwa ndi kuonedwa m'kati kamodzi pachaka. Madzi oyamba kutuluka pansi akakhala a bii, mwapeza chisa.

5. Pampu yozungulitsa madzi otentha yafa, kapena mavalavu sanalinganizidwe. M'nyumba zikuluzikulu madzi otentha amayenda mozungulira n'kubwerera ku giza. Paipi yobwerera isatsike pansi pa 50. Igwireni mosamala: ngati mungaifumbate nthawi yaitali osamva kuwotcha, ndiye kuti yazizira. Mbali imodzi ya nyumba ikamalandira madzi otentha bwino pamene ina ikulandira ofunda, vuto lili pa kulinganiza mavalavu.

6. Valavu yosakaniza madzi yawonongeka kapena ili kutali. Mavalavu amenewa amasakaniza otentha ndi ozizira kuti munthu asapse. Akhale pafupi kwambiri ndi mpope kapena shawa. Valavu imodzi ikamatumikira zipinda zambiri, paipi yonse yochokera pamenepo imakhala yodzaza madzi ofunda usana ndi usiku.

Chenjezo limene sindifuna kuti mulidumphe: madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, ndipo ana, okalamba ndi anthu amene khungu lawo silimva bwino ndiwo amapsa msanga. Musakweze thermostat mwakachetechete. Uzani onse okhala m'nyumbamo, ikani zikwangwani, ndipo kumene kuli ana kapena odwala ikani mavalavu osakaniza pa mpope uliwonse.

Itanani katswiri ngati pakufunika kutsegula mbali ya magetsi ya giza, ngati valavu yotetezera giza kuti isaphulike ikudontha kosalekeza, kapena ngati vuto lili pa pampu ndi kulinganiza mavalavu.

## Chizindikiro 2: Madzi ozizira akubwera ofunda

Anthu amaiwala mbali imeneyi poganiza kuti vuto lili ku madzi otentha okha. Tsegulani mpope wa madzi ozizira kwa mphindi ziwiri, muyeze. Cholinga ndi kukhala pansi pa madigiri 20. Kumadera otentha zimenezi sizitheka nthawi zonse, choncho yesetsani kuti asapitirire 25, ndipo limbikirani kwambiri kuti madzi aziyenda ndi kuti mukhale klorini.

1. Thanki ili padzuwa kapena pansi pa denga lotentha. Ikani mthunzi, ikuteni ndi zotchinga kutentha, ndipo chivundikiro chitsekeke bwino.
2. Paipi yozizira yagundana ndi yotentha. Zimachitika m'makoma ndi m'madenga kumene mapaipi awiri anamangidwa pamodzi. Alekanitseni, ndipo kutani iliyonse payokha.
3. Thanki ndi yaikulu kwambiri. Izi zimadabwitsa ambiri, chifukwa thanki yaikulu imaoneka ngati nzeru. Koma madzi akamatenga masiku ambiri osasinthika, klorini amatha ndipo madzi amafunda. Ndi bwino kuti madzi a m'thanki azisinthika pafupifupi tsiku lililonse. Pamene pali mathanki awiri olumikizana, onani ngati onse akugwira ntchito. Kawirikawiri imodzi ndiyo imadzaza ndi kukhuthuka, inzake ili phee.
4. Madzi otentha akudutsira ku paipi yozizira kudzera pa mpope wosakaniza wowonongeka. Mukagwira paipi yozizira pansi pa sinki n'kupeza ndi yofunda pamene palibe amene watsegula mpope, sinthani mpopewo kapena ikani valavu yoletsa madzi kubwerera.

## Chizindikiro 3: Madzi oyamba kutuluka ndi ofiira, akuda kapena onunkha

Legionella alibe fungo, alibe mtundu. Madzi oyera mbee angathe kukhala naye. Koma madzi ofiira kapena onunkha akukuuzani kuti penapake madzi akungokhala, ndipo kumene madzi akhala ndi kumene iye amakhala.

1. Chipinda kapena mpope sunagwiritsidwe ntchito kwa nthawi. Zipinda za alendo zimene zakhala zopanda anthu, bafa la kumapeto kwa khonde, shawa ya ku labotale yogwiritsa ntchito pakachitika ngozi, sukulu yonse pa nthawi ya tchuthi. Njira yothetsera vutoli ndi yosavuta: mpope uliwonse wosagwiritsidwa ntchito utsegulidwe kamodzi pa sabata, otentha mpaka atenthe, ozizira mpaka azizire. Potero tsegulani mawindo, yambani pang'onopang'ono kuti madzi asathovoke, ndipo ngati ndi shawa chotsani mutu wake kapena ulowetseni m'ndowa ya madzi kuti pasakhale nkhungu. Ntchitoyi isapatsidwe kwa munthu wosuta fodya, wa matenda a m'mapapo kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake ndi chofooka.

Mukayamba dongosolo limeneli musalisiye panjira. Kutsegula mwezi umodzi n'kuiwala miyezi iwiri kumapatsa tizilombo nthawi yochulukana, kenako tsiku lotsegulalo timatuluka tonse pamodzi.

2. Mapaipi osapita kulikonse. Amisiri amawatcha dead leg. Pamene panali sinki kale n'kuchotsedwa, paipi yake imangotsekedwa kumapeto n'kusiyidwa m'khoma ili yodzaza madzi. Madzi amenewo sayenda, klorini safikako, kutentha sikufikako, koma amalumikizana ndi paipi yaikulu ndipo amabwezeramo tizilombo pang'onopang'ono. Yendani m'nyumba monse ndi tochi, yang'anani m'madenga ndi pansi pa masinki, funsani amene akhalamo nthawi yaitali kuti kale panali chiyani pamalo pamene pano pali khoma. Paipi yotere iyenera kudulidwa pamphambano penipeni pamene inachokera. Kuitseka kumapeto sikuthandiza.

3. Dzimbiri m'mapaipi achitsulo akale. Dzimbiri limadya klorini ndipo limapatsa tizilombo pobisala. Madzi akamafiira tsiku lililonse ngakhale mpope ukugwira ntchito, mapaipiwo afika posinthidwa.

4. Fungo la dzira lowola pa madzi otentha okha. Limachokera ku mabakiteriya ena amene amakhala m'giza yosatentha mokwanira. Iwowo si Legionella, koma ngati iwo akukhala bwino m'gizamo ndiye kuti nayenso angakhalemo. Bwererani ku Chizindikiro 1.

5. Madzi anadulidwa kapena paipi yaikulu ya mumsewu inakonzedwa. Madzi akabwerera amabwera ndi mphamvu, amakokolola litsiro la m'mapaipi n'kulilowetsa m'nyumba. Tsegulani mipope kuyambira wa pafupi ndi mita mpaka madzi ayere, kenako yezani klorini. Pa mpope wa madzi ozizira pazikhala klorini wotsala wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita.

Itanani katswiri ngati nyumba yonse yakhala yotseka kwa mwezi kapena kuposerapo. Pamenepo kutsegula mipope kokha sikukwanira, pafunika kutsuka ndi kuthira mankhwala anthu asanalowemo.

## Chizindikiro 4: Shawa ikumwaza mokhota kapena ikutuluka pang'ono

Masulani mutu wa shawa, muuyang'ane m'kati ndi tochi. Nthawi zambiri mudzaona zoyera zolimba zitatseka timabowo tina. Lowetsani chala mutavala golovesi pakamwa pa paipi yofewa ija, mudzamva zoterera, zonanda, nthawi zina zotuwa kapena zofiirira. Zimenezo ndi zimene akatswiri amazitcha biofilm, mudzi wa tizilombo tosiyanasiyana tomatirira pakhoma la paipi. M'menemo muli tizilombo tina tokulirapo totchedwa amiba, ndipo Legionella amalowa m'kati mwa amiba n'kuswana momwemo, motetezeka ku klorini. Ichi n'chifukwa chake kuthira mankhwala kamodzi sikumumaliza.

Zoyambitsa:

1. Zokanirira za madzi a mchere wambiri. Masulani mutu ndi paipi yofewa, viikani m'mankhwala osungunula zokanirira, tsukani ndi burashi, tsukuluzani bwino ndi madzi ambiri, kenako viikani m'madzi a klorini. Chitani izi miyezi itatu iliyonse, kapena kawirikawiri ngati zikubwerera msanga.
2. Kasefa ka kukamwa kwa mpope katsekeka. Kamasuleni, mukatsuke chimodzimodzi.
3. Paipi yofewa yakalamba. Mphira wakale amasunga litsiro limene burashi singafikeko. Gulani ina. Mukatha kusamba isiyeni italendewera kuti madzi atsike.
4. Mphamvu ya madzi yachepa m'nyumba monse. Onani masefa akuluakulu ndi pampu.

Musasakanize klorini ndi mankhwala osungunula zokanirira kapena asidi wa mtundu uliwonse. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene ungagwetse munthu m'bafa lotseka.

## Chizindikiro 5: Labotale yapeza Legionella, kapena wabwereranso mutathira mankhwala

Choyamba, tetezani anthu lero lomwe. Tsekani mashawa a mbali imene yakhudzidwa. Kumene kuli odwala kapena okalamba, pali masefa apadera omangirira pa mpope kapena pa shawa amene amatchinga mabakiteriya, ndipo angakuthandizeni pamene mukukonza gwero la vuto. Masefawa ali ndi masiku ake osinthira, musapitirire.

Kenako funsani funso loyenera. Funso si lakuti tithire mankhwala ati, koma lakuti n'chiyani chikumusunga m'nyumba muno. Mayankho ake, kuyambira lofala:

1. Kutentha sikunakonzedwe. Mankhwala anathiridwa, thermostat inatsala pa 45. Yang'anani m'buku lanu. Ngati mulibe ziwerengero za mwezi ndi mwezi, yambani pamenepo.

2. Mankhwala sanafike paliponse. Pothira klorini wambiri kapena poyendetsa madzi otentha kwambiri, mpope uliwonse uyenera kutsegulidwa kuti mankhwala kapena kutentha kudutsemo. Chipinda chimodzi chokhoma chimene kiyi wake anasowa tsikulo ndi chokwanira kubwezera tizilombo m'nyumba yonse. Mapaipi osapita kulikonse aja nawonso salandira kanthu.

3. Thanki ndi giza sizinatsukidwe. Klorini wothiridwa pamwamba pa matope amathera m'matopemo. Kutsuka kuyambe, mankhwala atsatire.

4. Palibe amene anapatsidwa udindo. Pulambala amaganiza kuti ndi ntchito ya oyeretsa, oyeretsa amaganiza kuti ndi ya woyang'anira nyumba, woyang'anira amadalira kampani imene imabwera kamodzi pachaka. Pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, ndi wina womuimirira akachoka.

5. Madzi okayezetsa anatengedwa molakwika. Kutenga madzi tsiku lotsatira mutathira klorini kumapereka zotsatira zokoma koma zosathandiza. Dikirani masiku angapo, ndipo yezaninso pakapita milungu ndi miyezi. Tengani pamalo angapo: pansi pa giza, pa paipi yobwerera, pa mipope yakutali, ndi madzi oyamba kutuluka pa shawa. Dziwaninso kuti Legionella amakula pang'onopang'ono ku labotale, moti zotsatira zimatenga masiku 10 kapena kuposerapo. Musakhale manja lende podikira, konzani zimene mwaziona kale.

Apa siyani kuchita nokha. Kuthira klorini wambiri m'mapaipi a nyumba yonse, kuyendetsa madzi otentha kwambiri, ndi kuika makina othira mankhwala mosalekeza ndi ntchito za akatswiri a madzi. Zikalakwika zimawotcha anthu ndi kudya mapaipi. Ndipo musalowe m'thanki yaikulu kapena ya pansi panthaka nokha, chifukwa mpweya wa m'malo otsekeka umapha mosachenjeza.

## Chizindikiro 6: Nkhungu, ndere kapena thovu pa makina ndi malo okongoletsa

Miliri ikuluikulu yambiri inachokera kuno. Cooling tower, makina amene amakhala padenga kapena kuseri kwa nyumba zikuluzikulu n'kumaziziritsa pomwaza madzi, angathe kuuluzira timadontho kutali ndi mphepo n'kudwalitsa anthu amene sanalowepo m'nyumbamo. Mu 2015 ku South Bronx, mumzinda wa New York, anthu oposa 130 anadwala ndipo 16 anamwalira chifukwa cha makina amodzi otere. Mu 1999 ku Bovenkarspel, m'dziko la Netherlands, bafa la thovu limene linkangoonetsedwa pa chionetsero cha maluwa linadwalitsa anthu ongodutsa pafupi, ndipo ena mwa iwo anamwalira. Sanasambemo, anangopuma mpweya wake.

- Cooling tower: ndere, matope, thovu, kapena madontho ogwa kutali ndi makinawo. Choyambitsa kawirikawiri ndi mankhwala amene atha kapena pampu yake yothira yafa, kenako zotchinga madontho zothyoka, kenako kuyatsa makina amene anakhala ozimitsa osawatsuka. Musayandikire popanda chotchinga mphuno choyenera, ndipo musapopere ndi madzi amphamvu. Iyi ndi ntchito ya katswiri kuyambira pachiyambi.
- Bafa la thovu: madzi a mbuu, m'mbali moterera, fungo. Zimitsani thovu, tulutsani anthu, yezani klorini kapena bromini (mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi) ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi). Madzi ake amakhala pa kutentha kumene kachilomboka kamakonda, choncho amafunika kuyezedwa tsiku lililonse.
- Kasupe wokongoletsa: makamaka wa m'kati mwa nyumba amene ali ndi magetsi ofunditsa madzi. Kumalo a odwala, nzeru yanga ndi yakuti achotsedwe.
- Makina onyowetsa mpweya ndi zipangizo zothandiza kupuma: musathiremo madzi a pampope. Tsatirani malangizo a wopanga, ndipo khuthulani ndi kuumitsa tsiku lililonse.

Makina oziziritsa mpweya a m'zipinda ndi a m'galimoto, amene samwaza madzi, sali m'gulu limeneli.

## Chizindikiro 7: Wina wadwala

Matenda a Legionnaires amayamba pakati pa masiku 2 ndi 10 munthu atapuma timadontho tija, nthawi zina mpaka milungu iwiri. Amayamba ndi kutentha thupi kwambiri, mutu, kuphwanya m'thupi ndi kufooka. Kenako kumabwera chifuwa ndi kubanika. Ambiri amatsegulanso m'mimba, ena amasokonezeka mutu n'kumayankhula zosagwirizana. Chibayo chobwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka chiyenera kukuchititsani kuganizira za madzi.

Amene ali pangozi kwambiri ndi a zaka 50 kupita m'tsogolo, osuta fodya kapena amene ankasuta, a matenda a m'mapapo, a shuga, a impso, a khansa, ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chafooka chifukwa cha matenda kapena mankhwala. Mwa anthu 10 odwala, pafupifupi mmodzi amamwalira, ndipo mwa amene amatengera matendawa m'chipatala chiwerengero chimakwera kufika pafupifupi mmodzi mwa anayi.

Kutentha thupi ndi chifuwa zili ndi zoyambitsa zambiri zofala kuposa Legionella: chimfine, chibayo cha mabakiteriya ena, COVID-19, chifuwa chachikulu, ndi malungo kumene amapezeka. Inu simungasiyanitse kunyumba, ndipo si ntchito yanu kutero. Ntchito yanu ndi iyi:

1. Pitani naye kuchipatala msanga. Akamabanika, akamamva kupweteka pachifuwa, milomo ikasintha mtundu kapena akasokonezeka, musadikire kuti kuche.
2. Uzani dokotala kumene wodwalayo wakhala m'milungu iwiri yapitayo: hotela, chipatala, sitima ya pamadzi, bafa la thovu, nyumba imene inali yotseka, ntchito ya mapaipi. Nenaninso ngati wina wa m'nyumba yomweyo wadwala. Mawu amenewa ndi ofunika chifukwa mankhwala a gulu la penicillin, monga amoxicillin, amene amaperekedwa kawirikawiri pa chibayo, sagwira ntchito pa Legionella. Madokotala amagwiritsa ntchito ena, monga azithromycin kapena levofloxacin. Musagule nokha, asankhe ndi dokotala.
3. Funsani za kuyezetsa. Pali kuyeza mkodzo, kumene kumatulutsa zotsatira msanga koma kumapeza mtundu umodzi wokha, womwe ndi wofala kwambiri. Kuyeza makhololo kumapeza mitundu ina, ndipo kumathandiza kufananiza kachilombo ka wodwala ndi ka m'madzi a nyumba.
4. Ngati ndinu wosamalira nyumba, dziwitsani a zaumoyo. Munthu mmodzi wotsimikizika ndi wokwanira kuti muyambe kufufuza. Awiri a m'nyumba imodzi ndi mliri mpaka zitatsimikizika kuti si choncho.
5. Musathamangire kuthira mankhwala madzi asanatengedwe. Tsekani mashawa, zimitsani bafa la thovu ndi kasupe, koma lolani ofufuza atenge kaye madzi. Mukafafaniza umboni gwero silidziwika, ndipo limadzadwalitsa wina.

Ndikudziwa kuti mwini nyumba amaopa mbiri yoipa, ndipo mtima umafuna kukonza mwakachetechete. Koma mlendo amene anagona m'chipinda chija sabata yatha ali kwawo tsopano, mwina wayamba kutentha thupi, ndipo dokotala wake sadziwa zoti afunse za shawa. Uthenga wanu ndi umene ungachititse kuti alandire mankhwala oyenera pa tsiku loyamba m'malo mwa lachisanu.

Ngati anthu angapo adwala ngati chimfine patangopita maola kapena masiku awiri atagwiritsa ntchito malo amodzi, n'kuchira okha pasanathe sabata, mwina ndi Pontiac fever. Odwalawo amachira popanda mankhwala, koma madzi amene anawadwalitsa ndi omwewo amene angapatse wokalamba chibayo, choncho fufuzani chimodzimodzi.

## Zolemba m'buku

- Sabata iliyonse: mipope ndi mashawa osagwiritsidwa ntchito atsegulidwa, ndani watsegula, zipinda ziti.
- Mwezi uliwonse: kutentha kwa madzi potuluka pa giza ndi pobwerera, ndiponso pa mpope wapafupi ndi wakutali, otentha ndi ozizira omwe.
- Miyezi itatu iliyonse: mitu ya mashawa, mapaipi ofewa ndi timasefa ta mipope zatsukidwa.
- Chaka chilichonse: m'kati mwa thanki ndi giza mwaonedwa, chivundikiro ndi kasefa kotchinga tizilombo touluka zili bwino, mavalavu osakaniza ayesedwa.
- Nthawi iliyonse pulambala akagwira ntchito: wachotsa chiyani, wasiya paipi yotseka pati, ndipo mapu a mapaipi asinthidwe tsiku lomwelo.